Bokosi la a Pitala Litadzaza

A Pitala Nakoma sanatayepo pepala chibadwire chawo. Lisiti la njinga imene anagula ali mnyamata likadali m'sutikesi kunsi kwa bedi, chikhalirecho njingayo inathera kwa osula mbaula kalekale. Akazi awo, a Matilda, akafuna kapepala koyatsira moto amachita kukapempha kwa aneba, pamene m'nyumba mwawo muli mapepala oti mudzi wonse ungayatsire moto chaka chathunthu. Munthu wotereyu ndi amene tsiku lina zinamugwera zoti ataye makalata zikwi zitatu pa masiku anayi okha.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi a Pitala anali mesenjala pa mishoni ina kwa Nsamala, m'boma la Balaka. Lachiwiri ndi Lachisanu ankapalasa njinga kupita ku positi ofesi, kiyi wa bokosi akulendewera m'khosi pamodzi ndi kolona. Bokosilo linali la mishoni, koma midzi yonse yozungulira inkalandirira makalata momwemo, ochokera ku Joni, ku maesiteti a fodya, ndi kwa abale otsala ku Mozambiki kumene agogo awo a Pitala anachokera wapansi. Anali ndi lamulo lawo limene ankalinena chala chili m'mwamba: "Kalata ya mwini sataya, sang'amba, sapichira fodya." Lamulo labwino ndithu. Koma mukalimvetsera bwino muona kuti mawu oti "satsegula" mulibemo.

Ankatsegula. Envulopu yopyapyala ankaiyang'anitsa padzuwa, yokhuthala ankaifukiza pa nthunzi ya ketulo ya abambo mfumu n'kuimatanso ndi kaphala ka chinangwa. Ndiye pokapereka kalata nkhope inkakhala itakonzeka kale. Ikakhala ya maliro ankafika chipewa chili m'manja. Ikakhala ya chibwenzi ankayamba ndi kutsokomola, diso limodzi atatsinzina. Anthu ankadziwa zonsezi, koma akanatani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wina wopalasa njinga mpaka pa boma kawiri pa mlungu kunalibe.

Mafoni atabwera makalata anauma, ndipo a Pitala anaonda. Munthu wozolowera kudziwa za m'nyumba za anthu eni ake asanazidziwe, lero azimvera nkhani kuchigayo ngati wina aliyense? Mwayi wawo, m'chaka cha 2009 mlangizi wina wa zaulimi anawatengera m'kachipinda ka makompyuta pa boma n'kuwatsegulira imelo. Anawafotokozera kuti ili ndi bokosi la makalata lopanda loko, kiyi wake ndi mawu achinsinsi osunga m'mutu. Lamulungu lotsatira Misa itatha, a Pitala analengeza kuti positi ofesi yabwerera. Adiresi anailemba ndi khala pa chikatoni n'kukhoma pa mtengo wa mango wa patchalitchi. Ofunsira ntchito, ofunsira sukulu, a kwaya, a kalabu ya thonje, onse anayamba kulemba adiresi yomweyo pa mafomu awo. Ubwino wa bokosi latsopanoli unali woti silinkafuna ketulo.

Bokosi lomweli ndi limene linawalanda mwana. Mwana wawo woyamba, Raymond, ankagula nandolo pa sikelo ya bwana wina ku Ntaja, ndipo kumeneko anapalana chibwenzi ndi mtsikana wina dzina lake Saida. M'chaka cha 2012 Saida anapita ku Zomba kukaphunzira za ukalaliki wa mu ofesi. N'kuti foni ya Raymond itabedwa m'minibasi, choncho mtsikanayo analembera ku adiresi ya kumudzi, pamwamba n'kulemba bwinobwino kuti "Ya Raymond". Mwana wa eni ake sankadziwa kuti wasungitsa nyama kwa mphaka.

A Pitala anaiwerenga kawiri. Mtsikanayo analemba mwaulemu, koma dzina lake ndi kwawo kwake sizinawakomere. Msilamu wa ku Ntaja, m'nyumba ya munthu amene anatumikira mishoni zaka zonse zija? Sanakalipe, sanaitane mwana kuti akambirane. Anangokhazikika pa kompyuta n'kuyankha ndi chala chimodzi, m'dzina la Raymond: "Saida, ndaganiza mofatsa. Ndamva kuitana kwa Ambuye, ndikupita ku seminale kukaphunzira unsembe. Undiiwale. Ndizikupempherera."

Saida analira mlungu wathunthu. Kenako mchimwene wake, Abdulrazak, anapita pa sikelo ya nandolo paja n'kumupatsa moni Raymond mwaulemu wonse: "Mwaswera bwanji, abambo mfumu?" Bodza linaululikira pomwepo. Raymond anafika kumudzi tsiku lomwelo, fumbi la nandolo likadali m'tsitsi.

"Bambo, zowerenga makalata anga ndinazolowera," anatero. "Koma mpaka kundiyankhira?"

"Ndimakuthandiza iwe," anatero a Pitala. "Udzandithokoza."

Sanawathokoze. Anamukwatira Saida yemweyo, awiriwo n'kukwera basi ya ku Joni. Zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa osalankhulana ndi bambo ake. Moni ankapereka kwa mayi ake okha, kudzera pa foni ya mlongo wake Emmie, namwino wa ku Liwonde. A Pitala nawonso ndi nkhutukumve. Kwathu kuno mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana woyamba, koma chinyamukire cha basi ija iwo anasiya kunena kuti "amake Raymond", n'kuyamba kuitana akazi awo kuti "amake Emmie". A Matilda ankavomera, koma nthawi iliyonse zinkawapweteka.

Atapuma pa ntchito a Pitala anapeza udindo wina woyenera pakamwa pawo: kuwerenga mbiri ya malemu pa maliro. Ndani angaidziwe bwino mbiri ya munthu kuposa amene anawerenga makalata ake onse? Ankayambira pa agogo a malemu, kudutsa pa njala ya 1949, kukhota pang'ono kunena za iwo eni, kubwerera kwa malemu, kukhotanso. Adzukulu okumba manda ankawakonda kwambiri a Pitala, poti akaimirira iwo ndiye kuti nthawi ya tulo yapezeka. Emmie atawagulira foni ya tachi anaikonza kuti chilichonse chimene ajambula chizisungika chokha pa intaneti, kuti foni ikabedwa asataye kanthu. Kuyambira pamenepo, akaimirira pa maliro ankayamba apatsira foni munthu wa kutsogolo: "Jambulani, iyi ndi mbiri ya mudzi."

Lolemba lina m'mwezi wa Julaye, a Pitala akukonza khola la nkhunda, Emmie anaimba foni.

"Ababa, khalani pansi. Alamu a Saida achira. Kwabadwa mwana wamwamuna."

A Pitala anakhala pa ndowa yovundikira. Ameneyu anali mwana amene banja lija linamudikira zaka khumi ndi ziwiri.

"Achimwene anakulemberani kalata pa imelo, ndi chithunzi chomwe," anapitiriza Emmie. "Kawiri konse yabwerera. Akuti mwawatsekera."

"Ine? Iyayi. Ndingatseke bwanji positi ofesi?"

"Simunatseke, ababa, bokosi lanu ladzaza. Simukuona kamzere kofiira pamwambapo? Likadzaza, kalata yatsopano silowa, imabwerera kwa mwini."

Kamzereko anali atakaona kwa milungu itatu, koma ankayesa n'kokongoletsa.

"Ndiye umuuze atumize pa foni yakoyo, iwe unditumizire."

"Akana. Ngakhale ineyo chithunzi sanandionetse, dzina la mwana sanandiuze. Akuti nkhani inaonongekera m'bokosi limenelo, ikonzekere momwemo. Ayesanso Lachisanu akaweruka, folo koloko. Ikabwereranso akuti basi, sadzalembanso." Kenako Emmie anawonjezera: "Anenanso mawu ena. Akuti bokosi la bambo lili ndi malo a mudzi wonse, a mwana wawo okha ndiwo mulibe."

Mawu amenewo anawalasa a Pitala, ngakhale sanafune kuonetsa. Anangoti, "Mwana ameneyu pakamwa anatengera amake."

Munthu wina aliyense akanangosankha makalata onse n'kufufuta kamodzi, ntchito ya mphindi ziwiri. Koma kalata ya mwini sataya. A Pitala anagamula kuti aliyense wokhala ndi kalata m'bokosimo ayambe wamva zimene zalembedwamo, ndipo avomereze ndi pakamwa pake kuti ifufutidwe. Lachiwiri m'mawa anavala jekete la umesenjala lija, anapopa njinga, ulendo wa khomo ndi khomo unayambika.

Anayambira kwa a Jasten, mlonda wa pa sitolo ya mbewu. Anawapeza pakhonde ali ndi akazi awo ndi apongozi awo.

"Muli ndi makalata asanu ndi awiri, a Jasten. Ndiyambe ndi iyi yofunsira ntchito. 'Bwana, ine ndinakhoza bwino mayeso a Fomu Folo...'"

A Jasten, amene sukulu anaitsanzika ali Sitandade Faifi, anadzuka ngati akhalira linthumbu. "Fufutani, fufutani zonse. Amayi, tawagwirirani nkhuku a Pitala, ayenda mtunda."

Apa ndi pamene zinthu zinakhota. A Pitala anazindikira kuti ntchito yofufutayi ndi yonona. Mbiri inawatsogolera, ndipo pofika masana anthu ankawachingamira kumsewu n'kuwakokera kuseri kwa nyumba, kuti kuwerengako kusachitikire pakhonde. A Godfrey, mkulu wa kwaya, anali atayankhapo kalata ya mayi wina wamasiye wa kunja amene ankati akufuna mwamuna wokhulupirika womusungira chuma. Anamutumizira chithunzi atavala suti yobwereka n'kulemba kuti sanakwatirepo, kunyumba kuli ana asanu ndi mmodzi. Iwowa anapereka nkhunda ziwiri a Pitala asanatulutse n'komwe foni m'thumba. Kwina anamwa thobwa, kwina anamangiridwa mbatata pa kaliyala. Pakhomo poti akanatha mphindi zisanu ankakhalapo ola lathunthu, ndipo mtima unkawakomera ngati masiku a ketulo aja.

Lachitatu anapalasa mpaka ku Nkaya, kwa a Clementina ogulitsa mandasi pa siteshoni. Iwowa anali ndi makalata a mkulu wina wokonza njanji amene ankawatchula kuti "shuga wa m'tiyi wanga". A Pitala anatsokomola, anatsinzina diso, n'kudikira mandasi aulere. Koma a Clementina sanachite mantha. Anapukuta manja pa chitenje n'kukhala pa benchi.

"Werengani onse, pang'onopang'ono," anatero. "Mwini wake anamwalira. Palibenso wonditchula choncho."

Anawerenga mpaka sitima ya katundu inadutsa yonse, a Clementina n'kunena kuti, "Yomalizayo muisiye." Anaisiya. Tsiku limenelo anabwerera kaliyala ali wopanda kanthu.

A Matilda anali atatopa ndi nkhuku zomangidwa miyendo pakhonde. "Abambo ake Raymond, kodi mukufufuta makalata kapena mukutolera chakhumi? Latsala ndi mawa lokha."

"Amake Emmie, ntchito ya positi siithamangira," anayankha motero, koma mawa lake anapalasa osaima pa thobwa.

Lachinayi dzuwa likupendeka anali atafufuta makalata zikwi zitatu ndi mphambu, chala chitachita dzanzi. Inatsala ya a Clementina ija, ndi ena awiri a m'chaka cha 2012: kalata ya Saida ndi yankho la ku seminale. Awiriwa sakanawafufuta poti eni ake ali ku Joni, ndipo kuwatsegula ankachita manyazi. Anakhala pakhonde, anapukuta magalasi, n'kuyang'ana kamzere kaja. Kanali kofiira, kodzaza, kosasuntha ngakhale pang'ono.

Anazimitsa foni n'kuiyatsanso. Anaigwedeza. Anaimenya pang'ono pa bondo monga ankachitira ndi wailesi. Chimodzimodzi. Apa mantha anawagwira, mantha enieni. Mudzi wonse anautulutsa m'bokosi, koma malo a mwana wawo sanapezeke, ndipo Lachisanu linali mawa.

"Pitani nayo kwa okonza mafoni," anatero a Matilda.

"Anyamata a pa boma aja? Amiseche amene aja, amakonda kuona zinsinsi za anthu." Ananena zimenezi osaphethira n'komwe.

"Ndiye pitani ku Ntaja. Mlamu wake wa Raymond amakonza mafoni pamsika. Ndipo makalata awiri mukuwazembawo ndikuwadziwa. Lamulo lanu lija likuti mufunse eni ake, ndiye mbale wawo wapafupi ndi yemweyo."

"Amake Emmie, munthu amene uja sangandiyang'ane n'komwe."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero a Matilda, n'kulowa m'khitchini.

Analawirira m'mamawa, nkhuku ya a Jasten ili kukhwapa. Kabaza mpaka pa boma, minibasi mpaka ku Liwonde, kenako ina ya ku Ntaja imene inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wofuna kungodzikanda. Anafika cha m'ma leveni koloko. Kashopu ka Abdulrazak kanali pakati pa ogulitsa matemba ndi pokwerera kabaza. Mwini wake anali atakula, imvi zitayamba m'ndevu, atavala mkanjo woyera poti linali Lachisanu. Anawayang'ana a Pitala, anayang'ana nkhuku, osadabwa konse.

"Che Pitala," anatero. "Ku seminale kuli bwanji? Mnyamata wathu uja anadzozedwa?"

Mlandu suola. A Pitala anapereka nkhuku ndi manja awiri, n'kufotokoza zonse: za mwana wobadwa, za kalata yobwerera, za folo koloko. Abdulrazak anatenga foni, anadina apa ndi apo, ndipo m'ndevu muja munaoneka kakumwetulira. Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka kuitana.

"Ndaona vuto lake," anatero, akubweza foni. "Koma nthawi ya Juma yakwana. Swala siidikira foni."

Anatseka kashopu n'kuwasiya pa benchi ndi nkhuku yawo. Msika unachita zii. A Pitala, amene anakhazikapo anthu padzuwa maola ambirimbiri pa maliro, tsiku limenelo analawa okha kukoma kwa kudikira. Ankayang'ana wotchi, n'kuyang'ana kamzere, n'kuyang'ananso wotchi. Abdulrazak atabwera sanayambe ndi foni. Anaitanitsa mpunga wa nyemba, ati mlendo samukonzera foni ali ndi njala, ndipo anadya mosafulumira ngati munthu wopanda chochita. Itakwana hafu pasiti thu ndi pamene anasamba m'manja.

"Onani apa, bambo. Bokosi lanuli lili ngati nkhokwe imodzi yosungiramo makalata, zithunzi ndi mavidiyo, zonse pamodzi. Makalata a mudzi wonse mwafufutawo anali kambale kamodzi ka chimanga. Chadzaza nkhokwe ndi ichi."

Anadina. Panatuluka mavidiyo mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Pa iliyonse panali nkhope imodzimodzi, jekete limodzimodzi, chala chili m'mwamba.

"Imeneyo ndi mbiri ya mudzi," anatero a Pitala.

"Chabwino, tiyeni tiuone mudziwo."

Anatsegula imodzi, ya mphindi makumi asanu ndi ziwiri. Bokosi la maliro silinaoneke, amasiye sanaoneke. Ankaoneka a Pitala okha, ndi kumbuyo kwawo adzukulu atatu atatsamira makasu, tulo tofa nato. Anatsegula ina, mawu n'kumveka: "Pamene ine ndinali mesenjala pa mishoni..." Anatsegula yachitatu, mawu omwewo. Akabaza awiri amene anasendera kudzaonerera anayamba kugwirana mapewa ndi kuseka.

"Apa malemu ake anali ndani?" anafunsa Abdulrazak.

A Pitala anayang'anitsitsa. Anayang'ana mtengo wa kumbuyo, anayang'ana adzukulu, anamvetsera mawu awo omwe. Sanathe kukumbukira kuti maliro amenewo anali a yani. Manyazi amene anachita pamenepo sanawachitepo chibadwire. Masiku atatu akhala akuzunza anthu osalakwa ndi kuwadyera nkhuku, pamene wodzaza bokosi anali iwo eni.

"Lamulo lanu ndinalimva," anatero Abdulrazak. "Cha mwini sataya osafunsa. Mwini wake wa izi ndi inu. Tifufute?"

"Tisiyeko khumi."

"Nanga mdzukulu akabwera ndi vidiyo yake, akhala pati?"

"Asanu."

Abdulrazak anangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Kunena chilungamo, kufufuta mavidiyo asanu okha kukanakwana, ndipo enawo akanatha kusamutsidwira pa kamemori kadi. Abdulrazak ankazidziwa bwino zimenezi. Iye amati anazikumbukira a Pitala atakwera kale minibasi. Tisaiwale kuti mchemwali wake analira mlungu wathunthu.

"Dinani nokha," anatero, atasankha onse. "Chala changa chisalowe m'mlandu."

A Pitala anatseka maso n'kudina. Atatsegula, nkhope zonse zija zinali zitapita, koma kamzere kanali kakadali kofiira. Anatsala pang'ono kugwa pa benchi.

"Mwasesa m'nyumba, koma zinyalala mwaunjika kuseri kwa chitseko," anatero Abdulrazak. "Zonse mwafufuta zangopita m'bini, ndipo biniyo ili m'nkhokwe momwemo. Mpaka muikhuthule."

"Ndikakhuthula zingadzabwererenso?"

"Iyayi. Zapita."

Munthu amene anasunga lisiti la njinga zaka makumi asanu anaimika chala pamwamba pa galasi, osadina. M'menemo munali mawu awo onse a zaka zisanu, ndipo ankawakonda mawu amenewo. Kenako anadina. Kamzere kanafota pang'onopang'ono mpaka kanatsala kadontho.

Asananyamuke anatsegula makalata awiri aja n'kupereka foni. "Awa ndi a mchemwali wanu. Ndifufute?"

Abdulrazak anawerenga yankho la ku seminale n'kuseka mpaka misozi. "Iyayi, awa musunge. Mwana akadzakula adzaone kuti bambo ake anatsala pang'ono kukhala wansembe."

"Ndinalakwa," anatero a Pitala, motsitsa kuti akabaza asamve.

"Mwanena bwino. Koma wofunika kumva mawu amenewo si ine."

Foni inanjenjemera m'thumba minibasi itangowoloka mlatho wa ku Liwonde, folo koloko itapitirira pang'ono. Anaitulutsa. Kalata inali italowa, yochokera kwa Raymond, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti: "Ya amayi. Bambo musatsegule."

Chala chinayabwa. Zaka zonse za moyo wawo palibe kalata inafika kwa mwini isanadutse m'maso mwawo, ndipo iyi sinkafuna ngakhale ketulo, kungoikhudza basi. Mdzukulu wawo anali pomwepo, kuseri kwa galasi. Ndani akanadziwa? Anaiyang'ana mtunda wautali. Kenako anatulutsa mpango, anakulunga foni, anamanga mfundo zitatu, anaika m'thumba la m'kati n'kumanga mabatani onse a jekete. Manja anawakhalira mpaka pa boma, moti mayi amene anayandikana nawo anasendera kutali pang'ono.

Anafika dzuwa likulowa, n'kupeza a Matilda pa mkeka akusenda nandolo wamuwisi. Anaima pabwalo osadziwa chochita ndi chipewa, kuvula kapena kusiya. Aka kanali koyamba kufika ndi kalata osadziwa nkhope yoti aonetse.

"Amake Raymond," anatero. "Kalata yanu."

Manja a Matilda anaima m'lichero. "Mwati chiyani?"

"Mwamva."

A Matilda anapukuta manja, anamasula mfundo zitatu zija imodzi imodzi, n'kuyang'ana. Kalatayo inali isanakhudzidwe.

"Simunatsegule?"

"Iyayi."

"Mwadwala?" Anawayang'ana amuna awo kumaso, kenako anabweza foni. "Magalasi anga ali m'nyumba. Tsegulani mundiwerengere. Mwini wake ndakulolani."

A Pitala anakhala pa mkeka, anakonza kukhosi ngati pa maliro, n'kuyamba: "Bambo, ndikudziwa kuti mwatsegula kale musanafike kwa amayi. Palibe kanthu, ndi mmene mulili, ndipo ine ndatopa nako kukwiya."

"Bodza limeneli!" anatero a Pitala. "Amake Raymond, inu ndinu mboni."

"Pitirizani."

"Mwana tamutcha Chiyamiko. Saida akuti mwanayu akadzakula, za ku seminale kapena ku madrasa adzasankha yekha, ndipo makalata ake aziyankha yekha. Tibwera mu Disembala ngati pakhomopo pali malo."

Kalata inathera pamenepo. Pansi pa kalatayo panali chithunzi: kamwana kofiira, kukamwa kuli yasa, kadzanja kamodzi kali m'mwamba. A Matilda anakayang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera mu nandolo.

"Pakamwapo ndi pa agogo ake," anatero.

A Pitala anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mpango uja, osabisa. Atapezako mphamvu anati ayankhe pompo, ndipo anali atakonza kale poyambira: ulendo wa agogo awo kuchokera ku Mozambiki, kuti mwanayo adziwe kumene achokera.

"Mzere umodzi," anatero a Matilda. "Bokosi mwangolisesa kumene."

Anakangana pang'ono, n'kugwirizana pa itatu. A Pitala analemba ndi chala chimodzi chomwe chija, mochedwa, akufufuta ndi kulembanso, mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Atamaliza anapereka foni kwa akazi awo kuti aone asanatumize, ndipo a Matilda anapita kukatenga magalasi.

"Mwana wanga, lero sindinatsegule. Kale lija ndinalakwa. Malo alipo."